Maliro a Akufa Omwe Ankavota

Mu ufumu wa Sitifunsa anthu akufa ankavota, ndipo sinali nkhani yonong'ona. Munthu ankatha kumwalira chaka cha dzombe, kuikidwa mwaulemu, mtengo n'kumera pamtumbira pake, koma likafika tsiku la chisankho voti yake inkapezeka, ndipo nthawi zonse inali ya Nduna Yaikulu, a Kaliwombe. Ngakhale aja amene ali moyo ankalavula akamva dzina la a Kaliwombe ankasintha maganizo akangotsikira kuli chete.

Mfumu ya dzikolo, Mwini Dziko Chikhalire Wachinayi, sankasankhidwa ndi munthu. Iye anabadwa atapambana kale. Koma mwambo unkalola anthu kusankha Nduna Yaikulu pakapita zaka zingapo, kuti nawonso azimva ngati dziko ndi lawo. Kavotedwe kake kanali kosavuta. Munthu ankaponya nyemba imodzi mumtsuko wa amene wamukonda, ndipo mitsukoyo inkanyamulidwa pangolo kupita ku likulu, mzinda wa Wombani, kukawerengedwa. Panjira nyemba za a Kaliwombe zinkaswana, za anzawo zinkafumbwa.

Zikanapitirira choncho pakanapanda abwenzi a kutsidya kwa nyanja, amene ankapatsa ufumuwo mankhwala, mabuku ndi magalimoto a nduna. Iwowa anayamba kufunsa, pakuti kwawo kufunsa si mlandu. Ankafuna kudziwa kuti dziko la anthu ochepa chotero limatulutsa bwanji nyemba zoti sukulu yogonera komweko ingadye chaka chathunthu. Ananena mosapsatira kuti chisankho chikubwerachi chikapanda kukhala chodalirika, thandizo lithera pomwepo. Za mankhwala ndi mabuku palibe anatekeseka nazo kunyumba yachifumu. Zitamveka za magalimoto, nduna zonse zinaitanidwa m'mawa womwewo.

Ntchito ya nduna za ku Wombani ndi imodzi, kuwomba m'manja. Mwini Dziko akalowa zimawomba, akakhala zimawomba, akayetsemula zimawomba zitaimirira. Ndi ntchito yofuna luso, chifukwa munthu ayenera kudziwa poyambira ndipo asakhale woyamba kusiya. Koma ndi ntchito ya zikhatho. Zala sizigwira kanthu kupatula supuni, choncho zala za nduna ndi zofewa ngati za khanda.

A Kaliwombe analowa m'bwalo atanyamula kabokosi kakuda kokhala ndi kagalasi pamwamba. Anagwada, nakaika patsogolo pa mpando wachifumu.

"Mwini Dziko, wamuyaya," anatero, "awa ndi makina odziwa munthu ndi chala. Munthu aliyense ali ndi mizere pachala chake yomwe Mulungu sanapatse wina. Pa kalembera makinawa aiona mizereyo n'kuisunga. Tsiku lovota munthu abweranso n'kuika chala pagalasipa. Akamuzindikira avota, akapanda kumuzindikira azibwerera kwawo. Palibe kuvota kawiri, palibe kuvotera mnzako. Alendo aja akaona zimenezi adzalira ndi chimwemwe."

Kenako anaika chala chawo chachikulu pagalasi. Kabokosiko kanayaka nyali yobiriwira n'kuyankhula ndi mawu a mkazi wodwala chimfine: "Ndakudziwani." Nduna zinawomba m'manja mpaka nkhunda zinathawa padenga.

Mmodzi yekha sanakhutire, a Mkhalakale, Nduna ya Miyambo, munthu wokalamba amene ankagona pamisonkhano n'kumadzuka pamene pafunika kuwomba.

"Nanga abale athu aja a kumanda?" anafunsa. "Akhala okhulupirika zaka zonsezi. Zala zawo chiswe chidamaliza kale."

"Apume," anayankha a Kaliwombe. "Agwira ntchito yaikulu."

Ankamwetulira ponena zimenezi, ndipo anali ndi chifukwa. Makinawo anali atawayesa kale kunyumba kwawo. Akazi awo makinawo anawadziwa, ana awonso anawadziwa. Koma ataitana wophika, wochapa ndi wolima kumaluwa, nyali inayaka yofiira ndipo mkazi wa chimfine uja anati, "Sindikukudziwani." Anthu amenewo zala zawo zinali zitafufutika ndi sopo, moto ndi mpini wa khasu, mizere yonse itatha. A Kaliwombe anaona kuti Mulungu sanawataye. Sankafunanso akufa, popeza panapezeka njira yoti amoyo azisiyidwa kunja popanda wina kuba nyemba imodzi.

Pa chisankho chimenecho panali nkhani yaikulu imodzi, dambo la Mtapo. Ndi dambo la kumwera kwa msika wa Tidzaona, kumene akazi oumba mbiya amakumba dothi lawo chiyambire makolo. A Kaliwombe analonjeza kuti akapambananso adzalikwirira ndi kumangapo Bwalo Lalikulu Lowomberamo M'manja, kuti nawonso anthu wamba akhale ndi malo abwino othokozera boma. Wopikisana nawo anali a Msiyeni, mphunzitsi wopuma wa njinga yopanda mabuleki, ndipo lonjezo lawo linali limodzi: akapambana sadzachita chilichonse. Anthu a ku Sitifunsa anali asanamvepo lonjezo lokoma chotero. Onse amene analonjezapo kuchita kanthu anachitadi, ndipo zipsera zake zinalipobe.

Mwa oumba mbiya a ku Tidzaona, wodziwika kwambiri anali Nagama, mayi wa ana anayi, wamfupi, wa pakamwa posachedwa. Mwamuna wake anapita kukafuna ntchito kumigodi n'kuiwala njira yobwerera. Ana ake anakula ndi dothi la m'dambo limenelo, pakuti chakudya, zovala ndi sukulu zonse zinkachokera m'miphika yake. Kukwirira dambolo kunali kukwirira Nagama, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Tsiku la kalembera anavala chitenje chake chabwino n'kukaima pamzere pansi pa mtengo wa mkuyu. Itafika nthawi yake anaika chala pagalasi.

"Sindikukudziwani," anatero makina.

"Inenso sindikukudziwani, amwali," anayankha Nagama, "koma ndakupatsani moni."

Kalaliki, mnyamata wa tayi amene ankayendetsa makinawo, anamuuza kuti apukute chala. Anapukuta. Anamuuza kuti apake malovu. Anapaka. Anayesa zala zonse, za kumanja ndi za kumanzere, ndipo nyali inali yofiira yokhayokha.

"Mayi, mulibe mizere," anatero kalaliki. "Pagalasi pakungooneka ngati mwaikapo mbatata."

"Ndiye kuti ine kulibe?"

"Kwa makinawa kulibe, mayi. Wotsatira."

Wotsatira anali Che Ajibu, wokhoma zidebe, ndipo nayenso anapezeka kuti kulibe. Alimi kunalibe, oumba njerwa kunalibe, asodzi, ophwanya miyala ndi ochapa kumtsinje onse kunalibe. Pofika masana msika wonse wa Tidzaona unali wodzaza ndi anthu oti kulibe, akugulitsana tomato.

"Ine zandikomera," anatero Che Ajibu atakhala pachidebe chake. "Wa msonkho akabwera ndimuuza kuti akuyankhula yekha."

Koma panachitika chinthu chimodzi chodabwitsa. Nabengo, mnzake wa Nagama, woumba mbiya ngati iye yemwe, anaika chala ndipo nyali inayaka yobiriwira. Akazi anamuzungulira, akumugwira manja n'kumawatembenuza. Mizere inalipo, yooneka bwinobwino.

"Iwe wapaka chiyani?" anafunsa Nagama.

"Palibe, asisi. Kungoti chimwalirire bambo a kunyumba sindinagwire dothi. Mwaiwala kuti ameta dzana lomweli?"

Nagama anayang'ana zala zake. Ku Sitifunsa namfedwa sagwira ntchito. Kuyambira tsiku la maliro mpaka tsiku la m'meto, pamene achibale ameta tsitsi kusonyeza kuti maliro atha, namfedwa sagwira khasu, nyundo kapena dothi. Amangokhala manja ali pamiyendo. M'masabata amenewo, zala za Nabengo zinali zitaphukanso mizere.

Nkhani inafala kuti chala chikapuma chimachira, koma panali vuto. Lamulo la ufumuwo linkaletsa sitalaka. Munthu wosiya ntchito popanda chifukwa ankatengedwa kukaphwanya miyala kundende, kumene mizere yotsala inkathera komweko.

Patapita masiku a Kaliwombe anabwera ku Tidzaona kudzachititsa msonkhano, atatenga alendo awiri a kutsidya kwa nyanja odzaonerera chisankho, ovala zipewa zazikulu. Anthu anadandaula za makina, ndipo a Nduna anamvetsera mwachifundo ngati dokotala amene alibe mankhwala.

"Abale anga," anatero, "boma lingakupatseni zambiri, koma silingamere mizere pazala zanu. Muzisamala manja monga timachitira anzanufe. Ndipo kuti muone kuti sitikubisa kanthu, kalembera akhala wotsekula mpaka tsiku loti mawa chisankho. Bwerani tsiku lililonse, makina satopa kukana."

Alendo anagwedeza mitu mokhutira. A Kaliwombe, ataona kuti zikuyenda, anakweza mawu.

"Ndipo imvani ichi. Kale kunali mphekesera zoti akufa amavota. Lero ndikulengeza pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa alendo athuwa kuti zimenezo zatha. Kuyambira lero, akufa onse a mu ufumu uno afadi."

Anadikira kuti anthu awombe m'manja. M'malo mwake, kutsogolo kwa gulu kunamveka mawu a Nagama.

"Bwana Nduna, pepani. Mwati afadi? Ngakhale mayi anga?"

"Anamwalira liti mayi anu?"

"Chaka cha madzi osefukira. Koma chimwalirire avota katatu konse, ndiye ife timati ali bwino kumene aliko, akutsata nkhani za dziko. Lero mukuti apita?"

"Apita, mayi. Sadzavotanso."

Nagama anamasula mpango kumutu, n'kuumanga m'chiuno, n'kukhala pansi pafumbi miyendo ali tambalale. Kenako anayamba kulira maliro. Poyamba anali kulira kwa mkamwa mokha, ndipo Che Ajibu anabisa nkhope m'chipewa kuti asaoneke akuseka. Koma Nagama atatchula dzina la mayi ake, anakumbukira mmene ankamutsogolera kudambo kuja ali kamwana, akumuonetsa dothi labwino polifinya m'manja, anakumbukiranso kuti anawaika mofulumira madzi ali m'mawondo, popanda ngakhale nyimbo. Misozi inabwera yeniyeni. Zinamupweteka kuti mayi amene sanaponyepo nyemba ya a Kaliwombe ali moyo anawasandutsa wowavotera atafa, ndipo iye mwana wawo anangoseka nawo nthabwala zake zaka zonsezi.

Nabengo anakhala pambali pake n'kuyamba kuthandiza. Akazi ena anatsatira. Che Ajibu anavula chipewa, popeza naye anali ndi bambo ndi amalume awiri amene sanaphonyepo chisankho. Mu msika wonsewo munalibe munthu amene analibe wakufa wovota. Mlendo mmodzi anafunsa womasulira chimene chikuchitika, ndipo atamva anachotsa chipewa chake chachikulu n'kuweramitsa mutu. A Kaliwombe analowa m'galimoto msonkhano usanatsekedwe ndi pemphero.

M'mawa mwake misewu yonse ya ufumuwo inali ndi masamba, chizindikiro cha maliro. Munthu sankayenda mtunda osapeza nthambi zitagonekedwa pamsewu, ndipo okwera njinga anangoganiza zomazikankha. Makasu anapachikidwa, nyundo zinakhala chete, ng'anjo za njerwa zinazima. Anamfedwa analengeza kuti poti akufawo ndi ambiri ndipo afera tsiku limodzi, m'meto udzachitika chisankho chikadzatha.

Ku Wombani nduna zinasonkhana mwadzidzidzi. Tiyi kunalibe, chifukwa wophika tiyi anali pamaliro a agogo ake.

"Iyi ndi sitalaka," anatero a Kaliwombe. "Mwini Dziko alamule asilikali."

A Mkhalakale anadzuka okha popanda wowagwedeza. "Asilikali ali pamaliro," anatero. "Ndiponso mwambo wake ndi wodziwika, Mwini Dziko. Mfumu imene yabalalitsa maliro, tsiku lake likafika imanyamulidwa ndi akazi ake okha. Agogo anu anayesapo. Akazi awo atalephera kuwanyamula, anawakoka pachikumba."

Mwini Dziko anayang'ana mimba yake, nayerekeza mphamvu za akazi ake, ndipo za asilikali zinathera pomwepo.

"Ndiye tilengeze kuti akufawo sanafe kwenikweni," anatero a Kaliwombe. "Angokomoka."

"Mwanena nokha pamaso pa alendo," anayankha a Mkhalakale. "Atumiza kale uthenga kwawo. Akuti ndi mawu olimba mtima kuposa onse amene nduna idanenapo kuno, ndipo magalimoto atsopano ali panjira."

Atamva za magalimoto, Mwini Dziko anapereka chigamulo. Maliro apitirire, ndipo boma likupepesa anamfedwa onse. Nduna zinawomba m'manja, koma mofooka, pakuti zinali zisanadye.

Tsono mwambo womwewo umati pamaliro ntchito amagwira ndi anthu amene sanaferedwe. Ku Sitifunsa osaferedwa anali akuluakulu a ku Wombani okha, poti akufa awo, anthu olemekezeka, sankavutitsidwa ndi zodzuka kukavota. Palibe anayembekezera kuti nduna zipita kukaphikira anamfedwa, ndipo sizinapitedi. Koma zofuna mimba zawo zinayenera kudzichitira zokha. Nduna ya Zamadzi inaona chitsime koyamba, ndipo chingwe chinaisupula manja. Nduna ya Zankhalango inawaza nkhuni ndi nkhwangwa yogwira chozondotsa. A Kaliwombe, akazi awo atakana kuti iwo sanakwatiwe kudzachapa, anachapa okha mikanjo yawo pamwala, naphula mphika ndi manja, nasenda chinangwa ndi lumo lometera ndevu. Zala zija zinatuluka matuza, matuza anaphulika, pamwamba pake panabwera mabala a mpeni. Kuwomba m'manja kunayamba kupweteka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya ufumuwo Mwini Dziko anayetsemula m'bwalo muli zii.

Musaganize kuti kwa anamfedwa kunali phwando. Inali nyengo yotentha, nyengo imene woumba mbiya amapezera chakudya cha chaka chonse. Miphika yaiwisi imene Nagama anaisiya pakhonde inauma n'kung'aluka iye akuiona. Ufa unatha. Mwamwayi mango anali atayamba kupsa, ndipo banja lonse linkadya mango m'mawa, mango masana, madzulo mango ophika. Ana anasiya kufunsa za ndiwo. Nagama ankapaka zala mafuta a nsatsi n'kuzikulunga m'nsanza, ndipo m'mawa uliwonse ankamasula chala chachikulu n'kuchiyang'ana padzuwa ngati mlimi woyang'ana ngati mbewu zamera.

Tsiku lina kunabwera mthenga wa kunyumba yachifumu atakankha njinga, pakaliyala pali thumba la chimanga. Akazi a nduna anali ataswa mitsuko yonse ya ku Wombani pophunzira kusenza madzi.

"Akuti muumbe mitsuko ingapo, mayi," anatero mthengayo. "Thumbali ndi lanu lero lomwe. Palibe adziwe."

Nagama anayang'ana thumbalo. Mwana wake wamng'ono anali atafika kale pafupi n'kumalisisita. Mtima unamuwawa, pakuti mwanayo nthiti zinali zitayamba kuwerengeka, ndipo dambo linali pomwepo, dothi likudikira. Anamasula nsanza n'kuyang'ana chala. Timizere tinali titayamba kuoneka, tating'ono ngati ta pa tsamba. Dothi la tsiku limodzi likanatimaliza.

"Kawauzeni kuti ndili pamaliro," anatero.

"Mayi, mayi anuwo adafa kalekale."

"Inenso ndimayesa choncho, bambo. A Nduna ndi amene andiuza zoona."

Mthenga anatembenuza njinga. Mwana analira, ndipo Nagama anamunyamula ndi mikono, zala atazitalikitsa, mpaka mwanayo anagona.

Tsiku lomaliza la kalembera, mzere wa pansi pa mkuyu unafika kumtsinje. Anthu anabwera manja ali m'mwamba, okulungidwa m'nsanza, ngati gulu la opsa ndi moto. Nagama anamasula chala n'kuchiika pagalasi. Makina anaganiza kwa kanthawi.

"Ndakudziwani."

"Mwachedwa, amwali," anatero Nagama. "Ine ndakhala kuno zaka zonsezi."

Tsiku limenelo mkazi wa chimfine anadziwa alimi, asodzi, oumba njerwa ndi Che Ajibu, amene anadandaula kuti tsopano wa msonkho amupeza. Kalaliki wa tayi anatuluka thukuta, koma alendo a zipewa anali ataima kumbuyo kwake.

Kutacha linali tsiku la chisankho. A Kaliwombe anasankha kukavotera ku Tidzaona kuti alendo aone kuti ndi munthu wa anthu. Iwo ndi nduna zinzawo anali atalembetsa tsiku loyamba lenileni, zala zili m'chimake. Anafika kutsogolo kwa mzere, namwetulira ojambula, naika chala chodzaza zipsera pagalasi.

"Sindikukudziwani."

Anaseka pang'ono n'kupukuta chala pamkanjo. Nyali inayakanso yofiira.

"Mnyamata, uza chinthu chakochi kuti ndine ndani."

"Bwana, sichimva," anatero kalaliki. "Chimangoona chala. Chikuti chala chimene chinalembetsa si chimenechi."

"Ndine ndinachigula!"

"Pakani malovu, Bwana Nduna," anatero Nagama ali pamzere. "Ife anatiuza choncho."

A Kaliwombe anapaka malovu. Anayesa zala zonse. Anthu anaonerera mwaulemu monga ayenera kuchitira anamfedwa, popanda woseka mokweza. Pomaliza Che Ajibu anawayandikira n'kuwagwira paphewa.

"Musadandaule, bwana. Kusakhalako sikupweteka. Ife tazolowera."

Nduna zonse zinakanidwa, kupatula a Mkhalakale amene anagona nyengo yonse ya maliro osagwira kanthu, ndipo mpaka lero palibe akudziwa amene iwo anavotera. Mavoti anawerengedwa pomwepo pansi pa mkuyu, alendo akuona, ndipo sanakwere ngolo. A Msiyeni anapambana ndi mavoti ochuluka moti iwo eni anachita mantha. Alendo anati chinali chisankho chodalirika kuposa zonse zimene adaonapo, ndipo anakwera ndege akupukuta misozi.

Mwini Dziko analandira zotsatirazo mokondwa, pakuti mpando wake sunali pa chisankho ndipo tiyi anali atayambanso kubwera. A Kaliwombe anawatumiza kukakhala kazembe ku dziko lina lozizira kuti manja akachire. Dambo la Mtapo linatsala mmene linalili. Ufumu wonse unameta tsiku limodzi, ndipo kwa sabata yathunthu dziko linali la mipala yokhayokha.

A Msiyeni anasunga lonjezo lawo kwa masabata angapo. Sanachite kanthu, ndipo dziko linayenda bwino. Koma njinga yopanda mabuleki ija inalowedwa m'malo ndi imodzi mwa magalimoto atsopano, munthuyo anaphunzira poyambira kuwomba ndi posiyira, ndipo zala zake zinayamba kusalala. Madzulo ena anakhala pansi n'kuganiza za chisankho chamtsogolo. Anaona kuti makina amene angadziwe woumba mbiya n'kukana nduna ndi makina osaleredwa bwino. Anakagwada pamaso pa Mwini Dziko, ndipo linatuluka lamulo: makina aja apezeka ndi mlandu wa mwano, atsekeredwe m'chipinda cha pansi, dziko libwerere ku nyemba ndi mitsuko, njira ya makolo athu.

Mthenga yemwe uja anamupeza Nagama kudambo, mvula yoyamba itangogwa, miyendo ili m'matope, tsitsi litayamba kumera. Anali akuumba mphika wake pamthunzi.

"Uthenga wochokera kwa Nduna Yaikulu a Msiyeni," anatero mthengayo. "Akufuna mitsuko yovotera yatsopano. Akuti ikhale yaikulu kuposa yakale, yapakamwa potakasuka."

"Anthu ake omwewa, mitsuko ikuliranji?"

Mthenga anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Akuti abale athu aja a kumanda ayamba kupezako bwino."

Nagama anayang'ana chala chake. Mizere ija inali itayamba kale kufufutika. Anachidinda pakhosi pa mphika wauwisiwo, n'kusiya chizindikiro chake pamenepo, dothi lisanamalize kuchidya.

"Mitsuko ndiumba," anatero. "Koma mukawauze a Nduna kuti mayi anga ndawalira kale bwinobwino, ndipo ndameta. Akangowadzutsa, ife tidzayala mphasa n'kuyambiranso maliro. Ndipo ulendo uno adzachape okha mikanjo mpaka mvula ya chaka chinacho."

Mthenga anakwera njinga osatsanzika. Nagama anatapanso dothi lina.